Azakhali a M'buku la Raya

Lolemba, 18 Okutobala

Mwamuna wanga Lyuben wanyamuka m'mawa ndi thiraki, ulendo wa ku Germany. Mwezi wathunthu mwina. Tatsala awiri, ine ndi mwana wake Raya. Chikwatiwire pano sitinakhalepo tokha nthawi yaitali chonchi.

Raya ndinamuphikira banitsa, mkate wathu wa tchizi. Wadya m'mbali mokha. "Zikomo, anti." Zikomo wouma, ngati wa kubanki.

Masana kunabwera mnzake Mila kudzalemba za kusukulu. Ndikudutsa pakhomo la chipinda ndi zovala zochapa, Raya ananong'ona dzina lina lachizungu, Mila n'kuseka mpaka kutsamwa. Nditasuzumira, onse zii. Dzinali ndalimvapo kale. Amanena ine. Tanthauzo lake sindilidziwa.

Lachitatu, 20 Okutobala

Kuntchito, kusitolo ya mankhwala, anthu ochepa. Chimfine sichinayambe, mankhwala a chifuwa angodzaza mashelefu. Ndinamufunsa Zornitsa, mnzanga wa pakauntala, za dzina lija.

"Iwe Nevena, umakhala dziko liti? Ndi azakhali a m'mabuku aja a kamnyamata kamatsenga. Ngakhale agalu a mumzinda wa Pleven muno akuwadziwa."

Ndinafunsa ngati ali munthu wabwino. Zornitsa anayamba kukonza mabotolo omwe anali okonzakonza kale. Kenako: "Ndikubweretsera la mwana wanga mawa. Ukadziwonere wekha, ine ayi."

Lachisanu, 22 Okutobala

Buku lija ndaliyamba m'basi. Ndawapeza azakhaliwo pamasamba oyambirira penipeni. Akulera mwana wamasiye mokakamizika. Kumumana chakudya, kumunyoza, kudana naye chifukwa cha mayi ake omwe anamwalira. Dzina lawo sindilemba muno.

Ndinatsika pasiteji yolakwika, n'kuyenda wapansi, ndikudziwerengera milandu. Ndamumana chiyani mwanayu? Chikhoti cha malemu mayi ake ndinachichotsa pakhomo n'kuchiika m'kabati, chifukwa cha fumbi. Ndinaletsa kuwerenga pakudya. Ndinasintha malo a masipuni. Basi. Zimenezi n'zokwana kukhala chilombo?

Kwa mwana wa zaka khumi ndi ziwiri mwina n'zokwana.

Lamlungu, 24 Okutobala

Ndalimaliza. Nyemba zapserera pamoto, nyumba yonse kununkha. Raya anafunsa chachitika n'chiyani, ndinati ndinali pafoni.

Ndinalitsegula kuti ndidziwe chitonzo changa. Pofika pakati ndinali nditaiwala za azakhali. Ndinkangofuna kudziwa ngati mnyamatayo apeze anzake kusukulu yamatsengayo, ngati amugwire akuyendayenda kumalo oletsedwa. Mayi wamkulu ngati ine, mtima phaphapha chifukwa cha ana a papepala.

A Penka a nyumba yapansi anandiona nalo pamasitepe pochokera kutchalitchi. "Nanunso, mwanawe? Buku la ufiti limenelo. Mukulowetsa satana pakhomo ndi manja anu." Ndinangopitiriza kukwera. Koma ufiti umene amauopa iwo mulibe. Matsenga ali ngati zokometsera chabe. Chimene chimakoka n'china. Mwana akukhala m'nyumba momwe aliyense amamuona ngati cholakwika. Tsiku lina kukubwera munthu, n'kumuuza kuti iwe sunalakwike, yolakwika ndi nyumbayi, kwanu kuliko ndipo akukudikira. Ndi mwana uti sanagonepo akulakalaka zimenezi? Ngakhale amene ali ndi makolo onse awiri.

Chondichititsa manyazi n'chakuti powerenga sindinadzione mwa azakhali. Ndinadziona mwa mnyamatayo. Makatani a m'nyumba muno anasankha mkazi wina. Makapu, mapilo, ngakhale mbali ya bedi. Amene akukhala kwa eni ndine.

Lachiwiri, 26 Okutobala

Foni yochokera kumudzi. A Donka, mayi ake a malemu Desislava, mkazi woyamba wa Lyuben, agogo ake a Raya. Aulemu monga mwa masiku onse, ulemu wobaya. Akuti Khirisimasi ikadutsa Raya akakhale nawo, akapitirize sukulu komweko. "Wapempha yekha mwanayu, ine sindinamutume."

Madzulo Lyuben anaimba ali pamalire. Ndinamuuza. Ndinkamva injini za mathiraki kumbuyo kwake. "Asankhe yekha, Nevena. Sindifuna nkhondo." Safuna nkhondo, ndiye amathawira ku Germany.

Nanga ine ndikufuna chiyani? Raya atapita, m'nyumba mungapepuke. Osayendanso chonyang'ama. Ndaganiza zimenezi ndikutsuka mbale, kenako ndinaona kapu yake yothyoka chogwirira, n'kusiya kutsuka.

Lachinayi, 28 Okutobala

Mwana wa Zornitsa anabwereketsa buku lachiwiri kwa mnzake, silinabwerere. Kulaibulale mzere wa olidikira ngati wa mkate nthawi ya chikomyunizimu. La Raya lili pashelefu pake, lakutha m'makona. Iye anafika kutali, akudikira buku lachisanu.

Ndalitenga atapita kusukulu. Ndilibweza Lolemba. Sadziwa.

Loweruka, 30 Okutobala

Wadziwa.

Ankafuna makiyi a chipinda chapansi m'chikwama changa. Ndinatulukira kukhitchini n'kumupeza ataima, buku lili pachifuwa. Sanakuwe. Bwenzi zili bwino akanakuwa.

"Munatenga bambo. Munatenga khitchini. Izinso mukuzifuna?"

Ndinati pepa, ndinangofuna kudziwa mapeto ake. "Si lanu," anatero, n'kutseka chitseko mofatsa.

Chakudya chamadzulo ndadya ndekha. Chake chili mufiriji.

Lachiwiri, 2 Novembala

Mapaipi otenthetsa nyumba ayamba kugwira ntchito, akulira ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Phokoso lokhalo m'nyumba muno.

Raya akunyamula mabuku onse anayi kupita nawo kusukulu tsiku lililonse. Chikwama chikumupinda msana. Ndikamuona pawindo akukwera mtunda ndimafuna kufuula kuti sindidzakhudzanso. Koma ndine wakuba, mawu anga ndi otchipa.

Choipa china: lachiwiri labwerera kwa Zornitsa, ndipo ndikuliwerenga pansi pa kauntala. Ndi mavuto onsewa ndikufunabe kudziwa chotsatira.

Lero bambo wina wachikulire wodzagula mankhwala a mtima analiona. "Mwafika pati? Ayi, musandiuze, ine ndidakali kumbuyo." Mdzukulu wawo ali ku Spain ndi makolo ake. Akuti kale akaimba foni zinkangothera pa uli bwanji, ukudya bwino, sukulu ikuyenda. "Pano timakangana za aphunzitsi a m'bukumo mpaka mayi ake kulanda foni." Anatuluka akuseka, n'kuiwala mankhwala pakauntala. Ndinawathamangira.

Loweruka, 6 Novembala

Tsiku lokumbukira akufa. Sindinkafuna kupita, koma Lyuben kulibe, ndipo mwana sangakwere basi yekha mpaka kumudzi.

Kumanda anthu ambiri, utsi wa makandulo, kuzizira. A Donka anabwera ndi tirigu wowiritsa wa shuga, mkate ndi vinyo. Ine ndinaima patali ndi maluwa, osadziwa poika manja. Chithunzi cha Desislava pamwala. Wamng'ono kuposa ine tsopano.

A Donka anandipatsa tirigu m'kapu. "Idyani. Mulungu amukhululukire Desislava." Ndinabwereza mawuwo monga mwa mwambo, ndinadya.

Raya atapita kukatunga madzi otsukira mwala, anandikhazika pabenchi. Za buku anali atamva kale.

"Mabuku awiri oyambawo ankamuwerengera mayi ake. Loyamba kunyumba. Lachiwiri kuchipatala, mwana atakwera pabedi. Desi ankasintha mawu, aliyense ndi mawu ake, wina wonenepa, wina wa m'mphuno, mpaka manesi kumaima pakhomo. Mpweya utayamba kumuthera ankawerenga tsamba limodzi n'kupuma. Sanalimalize. Ndi limene munatengalo."

Ndinaika kapu ya tirigu pabenchi.

"Simunadziwe, ndikudziwa. Lyuben sanena kanthu, munthu uja." Kenako anayang'ana kumene kunapita Raya. "Musaganize kuti ndikukulandani mwana. Kumudzi kuno kwatsala nkhalamba ndi agalu, sukulu atseka posachedwa, ndikuziona. Koma ndikuopa kuti adzaiwala mawu a mayi ake. Ine ndayamba kale kuwaiwala."

M'basi pobwerera Raya anagona. Mutu wake unkapendekera kwa ine, basi ikagwedera n'kubwerera kuwindo. Sindinasunthe njira yonse.

Ndinkayesa kuti ana amakonda mabukuwa chifukwa amawatulutsa m'nyumba. Uyu amamubwezera m'chipinda chimodzi, pabedi limodzi.

Lachiwiri, 9 Novembala

Raya wadzuka maso atamatana ndi manthongo, ofiira ngati tsabola. Theka la kalasi yawo lili chimodzimodzi. Dokotala wati mankhwala odontheza, osawerenga, osaonera TV mpaka achire.

Tsoka lake, dzulo lomweli Mila wamubwereka buku lachisanu limene wakhala akulidikira. Chibuku chonenepa ngati njerwa. Chili patebulo, iye ali pasofa ndi kansalu konyowa kumaso, akulira ndi mkwiyo.

Anayesa kudzidontheza yekha, mankhwala n'kuthera patsaya. Kachitatu anangondipatsa botolo. Ndinamugwira chibwano, n'kumupukuta ndi thonje. Aka n'koyamba kukhudza nkhope yake. Ali ndi kachipsera pansi pa nsidze. Sindinkadziwa.

Ndatenga tchuthi. Zornitsa akuti, "Pita ukalere, azakhali." Ndinamugenda ndi bokosi la mabandeji.

Lachinayi, 11 Novembala

Dzulo tsiku lonse anangogona, kutembenuka, kuusa moyo. Wailesi anaikana. Ine ndinkasita zovala, chibuku chili pakati pathu, aliyense akuchita ngati sakuchiona.

Lero titadya nkhomaliro, kansalu kali kumaso:

"Anti. Mumatha kuwerenga mokweza?"

Ndinati ndimatha.

"Koma musamasinthe mawu. Muziwerenga basi. Ngati pepala la m'bokosi la mankhwala."

Ndinasamba m'manja kaye, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinawerenga mosalala, mopanda mchere, ngakhale pamene anthu akukalipirana. N'kovuta kuposa mmene ndinkaganizira. Mawu amafuna kukwera okha, ndimachita kuwakanikiza.

Mutu woyamba womwewo, azakhali aja anatulukira. Ndinawerenga mawu awo ngati ena onse. Makutu a Raya anafiira kuposa maso. Ndinapitiriza.

Vuto n'lakuti ine ndili pa lachiwiri, ili ndi lachisanu. Anthu ambiri sindikuwadziwa. Ndinafunsa kuti uyu ndiye ndani. Anachotsa kansalu. "Simukumudziwa? Ndiye mukuwerenga chiyani?" Anakhala tsonga n'kuyamba kundifotokozera, manja m'mwamba, kubwerera m'mbuyo, kudzikonza, kundiulula zinsinsi zonse za mabuku awiri amene sindinafike. Wandiwonongera nkhani yonse. Chaka chathunthu sanandiyankhulepo mawu ochuluka chonchi.

Loweruka, 13 Novembala

Mmero ukuwawa. Tiyi wa uchi.

Tinakangana za mphunzitsi wina wankhanza wa m'bukumo. Ine ndinati mwina pali chimene chinamupweteka kale. Raya akuti ayi, ndi woipa basi, akuluakulu mumakonda kukhululukirana. Ndinati nanga mnyamatayo bwanji akukalipira anzake popanda chifukwa? Anati, "Chifukwa iwo ndi amene alipo."

Ndinapitiriza kuwerenga. Mzere wotsatira ndinaubwereza kawiri osaumva.

Ndinamufunsa chimene amawakondera mabukuwa. Ndinkayembekeza za ndodo zamatsenga, zouluka. Anati, "Mmenemo munthu akamwalira anthu amamutchulabe. Muno ayi." Ndinati tikhoza kumawatchula. "Inu simunawadziwe." Ndinati ndi zoona, ndiye uyenera kundiuza ndiwe. Anangondiuza kuti ndipitirize kuwerenga. Koma madzulo, tikusenda mbatata, anangoti mayi ake ankadana ndi katsabola wa m'supu, ankamutola ndi foloko. Ine ndimathira wambiri. Chaka chonse mwanayu wakhala akumeza osanena.

Lachiwiri, 16 Novembala

Maso ayera. Dokotala wati abwerere kusukulu mawa, awerenge mmene angafunire. Lyuben afika Lachisanu.

A Donka anaimba kufunsa za Khirisimasi, akuti ayenera kukauza a kusukulu. Ndinamupatsa Raya foni n'kupita kukhitchini, koma khoma ndi lopyapyala. "Sindikudziwa, agogo. Ndiyankha tikamaliza buku."

Mwina apitabe. Ali ndi ufulu, ndipo agogo akewo ali okha. Ndadziuza zimenezi kangapo lero.

Titadya, ndinayamba kuchotsa mbale, ndikuganiza kuti ntchito yanga yatha, maso ali nawo. Anatenga chibuku chija, n'kuchiika pampando wanga, iye n'kukagona pasofa, kuyang'ana kudenga.

Tidakali kutali ndi pakati. Ndawerenga pang'onopang'ono, ndikupuma paliponse pamene pali mpumiro, ndi pena pomwe palibe. Wazindikira. Anatembenuka n'kundiyang'ana ndi maso ake oyerawo, nthawi yaitali ndithu.

Sanandifulumizitse.