Chipsera cha Mlongo Wanu

Okondedwa alamu,

Kuno tadzuka bwino, kaya inu ndi ana kumeneko.

Mwana wa mlongo wanu, woyamba wathu uja, akuphunzira kujambula ndi kukonza zithunzi kusukulu. Pa 3 Meyi anatenga chithunzi cha malemu mayi ake, chimodzi chokha chija, ati akachikonze pakompyuta. Pa 17 anabwera ndi chatsopano. Khungu lasalala, chipsera cha patsaya chachoka, mpata wa mano watsekeka. Chakalecho akuti chinasowa konko.

"Bambo, taonani mmene akongolera amayi!" anatero. Ndinangoti zikomo. Ndachipachika pabalaza, koma mayi ali pachithunzi chatsopanochi ine sindinakhale naye pabanja.

Ngati muli nacho china, ngakhale chong'ambika, chonde tumizani. Mundikumbutsenso: chipsera chija chinali patsaya liti? Ndatha masiku 12 ndikuganizira, ndipo mwanayu sindingamufunse.

Ndine mlamu wanu.