Mita Yathu Yatinamiza

Durban
14 Julaye 2024

Okondedwa achimwene a Swadick,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji ku Nkopolako, nanga mwendo wa amayi ukuwapatsako mpata ndi mwera uno? Ine kuno ndili bwino, alhamdulillah. Ntchito yamagetsi ikuyenda, nyumba sidontha, chisanu chokha ndiye chandipeza ndilibe juzi.

Ndalemba chifukwa cha mawu anu aja, akuti wailesi yathu yolankhulirana muibweza m'katoni poti mwatopa kukuwa nokha. Musatero. Masabata asanu ndi atatu ndakhala ndikukuitanani osakumvani, koma tsopano ndadziwa podwala, ndipo wolakwa ndine.

Dzulo ku kalabu yathu ya mawailesi ndidafotokoza nkhani yanu, kuti mita ikuonetsa zabwino koma mawu safika. Paja mita ija imayeza mphamvu imene eriyo yaikana n'kubwerera m'chingwe cholumikiza eriyoyo ndi wailesi, monga funde likagunda mwala limabwerera n'kukumana ndi linzake. A Allan, mkulu amene wagwira mawailesi zaka makumi anayi, adati kuyeza pafupi ndi wailesi n'kokwanira, poti chingwe ndi chimodzi, kumtunda ndi kumunsi n'chimodzimodzi. Ine ndidavomereza msanga, nanga si ndi zomwe ndidakuphunzitsani. Koma a Keti, mayi wokonza mawailesi a sitima zapamadzi, adakana. Adati chingwe chikawonongeka chimadya mphamvu popita n'kudyanso yobwerera, ndiye mita imaona zochepa n'kumatisangalatsa chabe. Adatsutsana mpaka tiyi adazizira.

Kenako mayiwo adafunsa kuti chingwe chathu n'chotani. Ndidaulula kuti chidaperewera, tidalumikiza ziwiri, n'kumanga ndi ulusi wa ukonde, n'kumata phula la bwato, ndipo chimadutsa pansi pa thandala la usipa pomwe pamadontha madzi tsiku lonse. Adaseka onse, a Allan mpaka kuvula magalasi. A Keti adati dzuwa limang'amba phulalo, madzi n'kulowa, n'kusowa potulukira. Komabe mkuluyo sadagonje, akuti mpaka ataona manambala.

Pempho langa ndi limodzi. Yezani kawiri. Yambani pafupi ndi wailesi, kenako kwerani nayo mita pamwamba pomwe chingwe chikumana ndi eriyo, mutatsitsa mphamvu, alamu a Naima akanikize batani lolankhulira pa wailesi pansipo. Musakwere mutavala mkanjo, ndimakudziwani. Manambala awiriwo munditumizire pafoni. Akasiyana, chingwe chatsopano ndachikulunga kale, chibwera pa basi.

Inde pafoni timalankhula, koma pafoni ndi aliyense. Ine ndikufuna kukumvani pa eriyo imene tidaimika awiri ndi manja athu ndisanachoke. Ndakusowani, achimwene.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa amalume a ku Chiponde ndi kwa ana onse. Lamulungu likubwerali, ikatha swala ya Asiri chakumadzulo, ndidzayatsa wailesi. Ngakhale musamveke ndidzaitanabe.

Ine mng'ono wanu,
Nasir