Chiwongolero cha Kumanja

Loweruka, 8 Juni 1996

Lero ndasangalala kuposa mmene ndimadzilolera. Bambo Alder, mkulu wa ku Mangalande amene mkazi wanga amawasamalira m'tauni ya Bowie kunja kuno, anasiya kulankhula chimwalirire akazi awo. Masana tinawatulutsira kagalimoto kawo kampikisano, kamodzi mwa toyamba timene ankapanga ndi anzawo m'shedi yodontha kampani yawo isanatchuke. Ndinalowera kumanja kuti ndikhale wokwera chabe, monga tazolowera kuno kumene chiwongolero chimakhala kumanzere, koma ndinangopeza chiwongolero pamaso panga, ngati kwathu.

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. "Mwasankha nokha, Bambo Phiri. Yendetsani!"

Njira yonse anandifotokozera mmene ankasulira malata ndi nyundo, komanso mmene chitseko chinathothokera pa mpikisano wawo woyamba. Mkazi wanga akuti pa chakudya chamadzulo anali akulankhulabe, mpaka supu inazizira.