Sajeni, Uwauze Apongozi

Lachiwiri, 9 Juni 1992

Mwendo wa apongozi wayamba kununkha. Aliyense mumsasa muno akudziwa, palibe akunena. Chitsulo chija anaponda tsiku lomwe tinkathawa kumudzi nyumba zikupsa chawadya mpaka m'bondo. Anesi a Benedicta atsuka ndi madzi a masamba a gwafa, kenako atikokera pambali ine ndi mlamu wanga Cletus. Akuti asilikali a boma chitsekereni chilumba chathu, kuno ku Siwai kulibe ngakhale mbulu umodzi wa mankhwala. Tiwanyamule mpaka kugombe la ku Buin, kumene mabwato amazemba asilikali n'kuwolokera ku zilumba za Solomoni. Apo ayi, tiyambe kukumba.

Ndiye ine Linus, amene ndakhala ndikuuza aliyense wofuna kumva, kuyambira kumudzi mpaka ku koleji ya aphunzitsi, kuti ndinapha ng'ona ndi nkhafi, ulendo womwe ndinkaulirira wandipeza. Ndinkayembekezera mfuti ndi chipewa. Andipatsa apongozi.

Mkazi wanga Perpetua sangapite, mwezi wake ndi uno. Wandibwerezera malamulo ngati mwana wa sitandade wani: osawayang'ana kumaso, osawakhudza, osawalankhula, osadya iwo akuona, chinthu osawapatsira m'manja, dzina lawo osalitchula ngakhale kutulo. Ndati, "Nanga machirawo ndinyamula ndi chiyani, mapemphero?" Wati, "Ukhale kutsogolo, uwapatse msana. Ndipo nthano zako uzisiye pano."

Lachitatu, 10 Juni

Tanyamuka. Machira ndi mitengo iwiri ndi ziguduli. Ine kutsogolo, Cletus kumbuyo, galu wake Sajeni pakati pa miyendo ya tonse. Apongozi (ndiziwalemba Ap.) ndi opepuka ngati mtolo wa masamba ouma. Polemera ndi pakamwa pokha.

"Cletus, umuuze mwamuna wa mlongo wakoyo kuti sananyamule nkhumba ya pamaliro."

Cletus: "Wamva."

Ine: "Alamu, muwauze kuti ndamva."

Cletus: "Amva."

Ntchito ya mlamu wanga ndi imeneyo. Mapewa anga asupuka. Mbatata yootcha yopanda mchere, ndadyera kuseri kwa mtengo ngati wakuba.

Lachinayi, 11 Juni

Mvula, matope, misundu. Helikopita yadutsa m'munsimunsi, tagona chafufumimba m'mapesi a nthochi mpaka miyendo dzanzi. Potsika chitunda ndaterereka, machira ali paphewa. Ap. sanalire. Ndangomva mpweya ukutuluka m'mano. Bola akananditukwana kudzera kwa Cletus.

Lachisanu, 12 Juni

Atilanda Cletus.

Pamlatho wogumuka tapeza anyamata a m'tchire omenyana ndi boma, ali ndi mfuti zawo zamipope. Wowatsogolera ndi Ignas, yemwe ankakopera masamu anga ku pulayimale. "Aa, Aticha. Mwayamba ya ambulansi?" Ndaseka naye, poti mano anga amaseka okha akaona mfuti. Kenako mmodzi wamuzindikira Cletus kuti ndi makaniko. Ali ndi lole yawo yoyendera mafuta a kokonati, yafera pamsewu. Akuti awathandize pang'ono.

Ndati ikalira ititengeko. Ignas wati ikalira ili ndi nkhondo yoti ipite. Ndati ndiye mutibwereke mnyamata mmodzi agwire kumbuyo kwa machira. Wati, "Aticha, paja munapha ng'ona ndi nkhafi. Mayi mmodzi angakukanikeni?" Anyamata onse kuseka. Nthano yanga yomwe, kundiluma pamaso pa anthu.

Ap. adzutsa mutu. "Ignas, mayi ako ndinawagwira dzanja pokubala iwe." Wayang'ana pansi, koma Cletus sanamubweze.

Cletus wasuzumira mu injini, wabwera ngati wofuna madzi. Chonong'ona: chomwe chafa mulolemo pachilumba pano sichipezeka, ndiye samutaya msanga. "Usandidikire. Mwendo sudikira." Wandisiyira chikwanje ndi galu. Kwa mayi ake sanatsanzike, amaopa kulira anyamata akuona.

Loweruka, 13 Juni

Ndayesa kukoka machira pansi ngati nkhuni. Pa muzu uliwonse, mpweya uja wa m'mano. Pa muzu wina akomoka. Ndaima.

Takhala mopatsana misana, iwo uko, ine kuno, dzuwa likukwera. Ndaganiza zonse zomwe ndinawerenga ku koleji, palibe buku lomwe linanenapo za munthu wokhala m'nkhalango ndi apongozi ake popanda wachitatu. Kumudzi, tikakumana panjira, ine ndimalowa m'tchire mpaka adutse. Ndinang'ambapo malaya aukwati pa minga pothawa mayi amenewa.

Kenako mawu: "Sajeni."

Galu kuimika makutu.

"Umuuze mwamuna wa Perpetua kuti ine ndikudikira galimoto. Galimoto ilibe apongozi, ilibe maso, ilibe manyazi. Ikabwera igwade apa."

Galimoto yabwera, yagwada. Ndawabereka ndi nsalu yawo, mfundo pachifuwa. Mfundo ndamanga kangapo isanagwire. Thupi lawo likutentha ngati mwala wophikira.

Ndati, "Sajeni, uwauze agwiritse."

Iwo: "Sajeni, galimoto silankhula."

Lamulungu, 14 Juni

Chilonda chimafuna kutsuka, wotsuka palibe koma galimoto. Adzifunda nsalu kumaso, ine ndamasula. Mphutsi. Kuda kwakwera kupitirira bondo. Ndapita kuseri kukasanza mwakachetechete, ndabwerera.

"Sajeni, zikuoneka bwanji?"

"Sajeni, uwauze kuti zikupola."

"Sajeni, umuuze kuti kale ankanama bwino."

Masana ati, "Sajeni, lero ndi Lamulungu, kaya achikunja akudziwa." Atulutsa korona. Iwo kuyamba, ine kuyankha. Vuto ndi lakuti dzina la Ap. ndi lomwelo la Amayi a Ambuye, ndipo mbali yanga ya pemphero imayamba ndi dzinalo. Chikwatirireni ndimangong'ung'udza pamenepo, pagulu palibe amamva. Pano ndi anthu awiri ndi galu. Ndiye ine: mm-mm, kenako mawu otsatira. Mm-mm. Mm-mm. Ndamva nsalu ikugwedezeka kumbuyo kwanga, mtima phaa, ndimati kwawagwira kunjenjemera kwa malungo. Kumeneko kunali kuseka.

"Sajeni, kumwamba aziti kwalowa njuchi."

Mbatata yatha. Ndatola mtedza wa galipi, ndaswa, ndaika patsamba pansi, ndatembenuka. Adya njere ziwiri. Wotsalawo amupatsa Sajeni, ati nkhoswe isafe ndi njala.

P., ngati wachira kale kumeneko, mwanayo usamutche dzina la munthu aliyense wopezeka m'mapemphero.

Lolemba, 15 Juni

Mtsinje wa Mivo wadzaza. Takhala pagombe kuuyang'ana.

Lachiwiri, 16 Juni

Sunaphwe kwenikweni koma sindikanathanso kumva fungo lija nditakhala pansi. Ndawakweza mpaka pamapewa, ndamanga mfundo pamwamba pa inzake, chikwanje m'mano. Madzi m'chiuno, kenako m'chifuwa. Miyala yoterera. Manja awo agwira tsitsi langa ngati chingwe cha ng'ombe. Sajeni amasambira kumanzere kwanga, mphuno yokha pamwamba.

Ng'ona sindinaione. Ndangoona kuti pomwe panali galu palibe, madzi akuzungulira.

Nkhafi ndinalibe.

Kutsidya ndawatsitsa pamchenga, ndaimba mluzu mpaka milomo kuuma. Ap. ayang'ana madziwo nthawi yaitali. Atsegula pakamwa ngati anena kanthu, ayang'ana uku ndi uku, atseka.

Lachitatu, 17 Juni

Tsiku lonse opanda mawu.

Ndaika madzi m'chigoba cha kokonati pansi, ndatembenuka, ndadikira. Potembenukanso madzi ali momwemo. Kaya sakufuna, kaya dzanja likukanika kufika, ndifunsa bwanji? Ndayesa: "Mtengo iwe, uwafunse ngati amwa." Zii. Ndayesa mwala. Zii. Mwina nkhoswe zimenezi sakuzidziwa mtundu wake.

Ndaphwanya lamulo la P. Ndayenda ndikusimbira njira nthano, mokweza. Ya wansembe yemwe anabatiza nkhumba mumdima. Ya mzungu wa kumgodi yemwe anagula phiri n'kupeza kuti mwini wake ndi mayi wogulitsa nthochi. Ndimaima pamalo oseketsa kudikira nsalu igwedezeke. Siinagwedezeke.

Chomwe ndikumva ndi mpweya wawo pakhosi panga. Ukasowa ndimaima, ndimadikira, umabwera, ndimapitiriza. Mawondo anga ndi magazi okhaokha. Pansi pa mkuyu wina ndawatsitsa kuti ndipume, ndipo maganizo abwera bwinobwino, ovala jekete: pano pali mthunzi, pali madzi pafupi, ukhoza kupita wekha kukaitana anthu. Ndikudziwa kuti kulibe anthu oti n'kuitana. Ndakhala nawo maganizowo kwa kanthawi ngati mlendo. Kenako ndagwadanso.

Lachinayi, 18 Juni

Nyanja. Bwato labisidwa m'mitengo ya m'madzi, lofundidwa ndi makwawule a kokonati. Mwini wake ndi a Ambrose, bambo wa imvi, mano ofiira ndi mtedza wa buai umene amatafuna osapuma.

"Ndani awa?"

"Apongozi anga."

Andiyang'ana ine, ayang'ana mfundo pachifuwa panga, alavula. "Wawabereka iwe?"

"Inawabereka ndi galimoto."

Sanaseke. Afunsa fuko lawo. Ndati chiombankhanga. Ati, "Ndiye ndi mlongo wanga. Mugonekeni pamthunzi." Amasula chilonda, amanganso msanga.

Koma sitinyamuka. Akuti bwato la asilikali lili ndi nyali yoona mpaka nsomba, ndiye mdima suthandiza. Iwo amawoloka masana, mvula yamphamvu ikatseka nyanja moti munthu osaona dzanja lake. Mvula yatimenya njira yonse ngati tinaibera nkhuku. Lero kumwamba kuli mbee, kopanda ngakhale kamtambo kopukutira mphuno.

A Ambrose awamwetsa madzi a kokonati ndi tsamba. Apita pang'ono, ambiri atsikira m'khosi.

Lachisanu, 19 Juni

Mbee.

Ap. akuitana Cletus. Akuitana amuna awo omwe anamwalira ine ndisanakwatire. Auza Sajeni kuti achoke pamoto. Ndakhala ndikuingitsa ntchentche ndi tsamba, nkhope ndayang'ana kunyanja.

Ndawagwadira a Ambrose kuti tingopita. Ndati ndidzapalasa ndi manja injini ikafa, ndati ndikudziwa njira za m'miyala, ndanama zambiri. Andigwira dzanja, andipititsa kubwato, andigwiritsa zigamba m'mbali mwake, mzere wa mabowo omatidwa ndi phula.

"Yemwe anakhala apa anali wachangu ngati iwe. Ankasimbanso bwino."

Ndabwerera ku ntchentche.

Loweruka, 20 Juni

Ndikulemba pakhonde la chipatala, ku Solomoni. Anesi awalowetsa, aika botolo la madzi pamkono. Akuti mwendo ndi wodula, zinazo tiona kukacha. Andipatsa tiyi wa shuga.

Mvula inabwera dzuwa litapendeka, yakuda bii kuchokera kum'mawa. A Ambrose anangoti, "Nyamula." Tinawagoneka pansi m'bwato, ine pambali ndi chigubu chodula chokapira madzi, iwo ku injini. Kutuluka m'mitengo muja, gombe linasowa nthawi yomweyo. Mafunde ankatinyamula n'kutiponya, mutu wa Ap. kumagunda pansi pa bwato. Kwinakwake kumanja tinamva injini ina, yaikulu. A Ambrose anazimitsa yathu, tinayandama chete, madzi akulowa, ine osayerekeza kukapa. Inadutsa. Analizanso.

Ndi pomwe anandikuwira, "Akupuma?"

Ndinayang'ana pachifuwa pawo. M'mvula muja sindinkatha kuona. Ndinayang'ana kumaso. Chikwatirireni nkhope imeneyi ndinali ndisanaionepo pafupi. Ndi ya P., mphuno yomweyo. Maso anali atatembenuka, oyera okha.

"Asagone. Aitane."

Ndinati, "Amayi." Ndinati, "Apongozi." Ndinati, "Amake Cletus." Palibe.

"Dzina, iwe. Munthu akamapita samva za upongozi. Amamva dzina lomwe mayi ake ankamuitanira."

"Aitaneni inuyo, ndi mlongo wanu."

"Ndilidziwira kuti? Wandiuza iwe?"

Zoona. Pakati pa nyanja yonse ija wolidziwa ndinali ine ndekha.

Ndinawerama pakhutu pawo, ndinatsegula pakamwa, ndipo chomwe chinatuluka ndi mm-mm. A Ambrose anatukwana mawu omwe sindilemba. Ndinameza madzi amchere, ndinayambanso.

"Maria."

Linatuluka laling'ono, ngati ndaliba. Ndinalikweza. "Maria. Maria, dzukani." Ndinalikuwa mpaka kupitirira injini, kupitirira mvula, moti asilikali aja akanakhala pafupi akanalilemba.

Zikope zinagwedezeka. Maso anabwerera pang'onopang'ono, anafufuza kumanzere, kumanja, pansi pa mpando, kufuna galu kapena aliyense. Panalibe. Anaima pa ine.

"Linus."

"Wawa."

"Ukukuwa ngati uli pamsika. Ndigwire mutu, ukugunda."

Ndinataya chigubu, ndinawagwira mutu ndi manja onse awiri.