Tsache la Adada

Lolemba, 17 Novembala 2008

Tafika. Nkhalango ya kumalire a paki, kuseri kwa Chisemphere. Miyendo ngati si yanga. Tilipo atatu: ine, alamu anga a Lefina, ndi adada. Achimwene a Lucious atsala kumudzi, akuthirira nazale ya fodya.

Matondo aliko, ha! Nthambi zachita kulemera. Ukaima pansi pa mtengo umamva akudya masamba. Tikatola okwanira, a Amisi a pa Chisemphere agula, ife tikawombole feteleza. Kuponi yatuluka imodzi, makomo awiri. Yowombolera palibe ndi tambala yomwe.

Adada sindinafune kubwera nawo. Koma ndikanawasiya ndi yani? Chimwalirireni amama mutu wawo umachokachoka. Mwezi wathawu anthu anawapeza pamsika atavala nsapato imodzi, akufunsa njira ya kwawo. Achimwene potiperekeza anangoti, "Ezelina, matondo ukhoza kubwera wopanda. Adada okha ubwere nawo." Mawu amenewo akundilemera kuposa katundu ndinasenza.

Koma kuno, zodabwitsa. Munthu uja watsitsimuka. Anakulira m'nkhalango muno anthu asanasamutsidwe, ndiye mtengo uliwonse akuutchula dzina. Msasa alamula okha kamangidwe kake. Thumba la ufa panthambi, kutali ndi pogona. Mchere ndi machesi m'chitini, kudenga. Mapoto, chipande ndi mthiko pathandala, zotsuka, zovundikira, ati fisi amalondola fungo la mafuta. Nkhwangwa pamphanda ya pakhomo, poti dzanja liipeze ngakhale osayang'ana. Alamu anataya makoko a anyezi pafupi ndi khomo, akalipiridwa ngati mwana. "Kuthengo chilichonse chimagona pamalo pake," atero adada. "Chongotayidwa chimaitana alendo."

Dzuwa likupendeka amanga tsache la timitengo, asesa kuzungulira msasa wonse, dothi lokhalokha mbee. Ati nthaka yosesa sinama, m'mawa imakuuza amene anabwera.

A gemu, alonda a paki otipatsa chiphaso, anatichenjeza: osawoloka khwawa. Tsidya lija kuli njovu, zili ndi mwana.

Lachiwiri, 18 Novembala

Kutola, kufinya, kuwiritsa, kuyanika. Zala zabiriwira, zikuyabwa. Msana psuu.

Chipande chasowa. Ndinachitsuka ndekha dzulo, ndinachisomeka pathandala. Alamu akuti sanachikhudze. Kaya. Mayi ameneyu ngakhale kwake chinthu amachipeza ndi phazi. Tagawira ndiwo ndi chivundikiro.

Ndimafuna kuwerenga nthaka ija m'mawa, ndapeza adada atasesanso kale. Ati panalibe kanthu, nyerere zokha ndi mbewa.

Adya bwino lero. Aseka. Ndayamika Mulungu.

Lachinayi, 20 Novembala

Dzulo sindinalembe. Mtima sunali m'malo.

Dzulo kunasowa kapoto kakang'ono. Lero chitini cha mchere. Cha kudenga, mutu wanga uli pansi pake! Fisi angakwere denga, nkusiya ufa, nkutenga mchere? Ayi ndithu. Ameneyu ndi munthu. Ali ndi manja, amalowa tili m'tulo, amatiyang'ana.

Ndinawafunsa alamu mosasankha mawu. Anandiyankha, "Ndibe chipande ine? Ndikadyere chiyani, mwayamba misala?" Tatola matondo tsiku lonse mtengo umodzi osalankhulana. Zamanyazi, azimayi akuluakulu.

Amayi ena otola matondo, a msasa wa kumtunda, atibwereka mchere pang'ono papepala. Iwo akuti ndi anthu opha nyama mozemba, amadutsa muno. Alamu akuti ayi, ndi eni nkhalango, manda akale ali tsidya lija, mwina tamanga panjira yawo. Ine munthu wa chigwirizano cha amayi kutchalitchi sindiyenera kumva zimenezo. Koma ndamva.

Nthaka yosesa ija sikundithandiza. Ndikamadzuka adada amakhala atasesa kale. Yankho lomwelija: nyerere ndi mbewa.

Pakhwawa potungira madzi, ndowe ya njovu. Ya lero, ntchentche zisanaipeze bwino. Ndathawa chigubu chisanadzaze.

China. Kunazizira, ndinafunda chitenje cha amama, chija chamaluwa achikasu. Adada anandiyang'ana nthawi yaitali nkuti, "Feliya, wabwera?" Dzina la amama. Ndinawakalipira: "Ndine Ezelina! Amama tinaika m'manda, munalipo!" Anangoweramitsa mutu. Ndachipinda chitenjecho, ndachiika pansi m'thumba. Pakamwa pangapa, mayo ine.

Lachisanu, 21 Novembala

Nkhwangwa palibe. Mphanda yokha.

Amayi a kumtunda apasula msasa. Njovu zinagwetsa mtengo pafupi ndi pomwe amayanika. Adutsa pano mitolo pamutu, mmodzi nkuti, "Inu mukudikira chiyani, maliro?" Tatsala tokha. Nkhalango yonse zii. Ndi mbalame zomwe zikulira monong'ona.

Mwini nkhwangwa tsopano ndi iye uja wobwera mwakachetechete. Ife tili ndi mthiko.

Ndayanjana ndi alamu. Mantha alibe mkwiyo. Takokera mphasa zathu pamodzi, adada tawaika kukhoma.

Matumba sanadzaze, ndipo matondo amene tatolawo sanaume. Tikabwerera chonchi feteleza sitimuona, chimanga chidzakhala ngati cha chaka chija, chofika m'mawondo. Alamu akuti tipirire pang'ono. Ine ndikungoona nkhope ya achimwene.

Lero ndasesa ndine. Adada amalimbirana nane tsache, ndawauza kuti apume. Ndikamaliza ndalibisa pansi pa mphasa yanga, ndigonera pomwepo. Mawa nthaka ndiiwerenga ndekha, wina asanaikhudze. Ngati ndi nsapato ndione, ngati ndi zikhadabo ndione. Kusadziwa ndiko kukundipha.

Loweruka, 22 Novembala

Ndaona. Bwenzi ndisanaone.

Mapazi a munthu, opanda nsapato. Ochokera m'khomo mwathu, osati kuthengo. Opita ndi obwerera. Phazi lamanzere chala chachikulu chopindikira m'kati, chija chinapondedwa ndi ngolo ine ndili mwana. Ndinatembenuka. Adada ali khale pachitsa, buluku litanyowa mame mpaka m'mawondo, akufunafuna tsache ndi maso. Lichero palibe.

Masiku onsewa! Kutuluka tili m'tulo, kubwerera, nkusesa mapazi awo omwe. Sindikudziwa ngati amabisa dala kapena manja amangochita zimene anazolowera.

Ndinawasiya ndi alamu, ine nkulondola. Mapazi anatsetsereka kukhwawa. Anawoloka. Ndinaima pamenepo, ndinapemphera Atate Wathu mpaka pakati, mawu ena anathawa. Ndinawoloka.

Si patali kwenikweni. Bwinja. Mitengo ya mango ikuluikulu, mapale a mbiya, mulu wa dothi pomwe panali nyumba. Pomwe anakwatirana ndi amama, pomwe anabadwira achimwene. Ankatisimbira kawirikawiri, ine ndinali ndisanapaonepo.

Ndipo zinthu zathu zonse. Amanga kathandala kabwinobwino ndi luzi. Kapoto kovundikira, chipande chosomeka, lichero. Mafuwa atatu, nkhuni zowaza zosanjikiza. Chitini cha mchere pachitsa. Nkhwangwa pamphanda, mpini kuloza komwe kunali khomo. Pakhomo pa munthu waudongo, pongosowa kusesa.

Koma mango akupsa. Ndiye chimene njovu zikukhalira tsidya lija. Nthambi zokhadzuka, makoko otafuna, ndowe paliponse, ina pafupi ndi mafuwa penipeni. Fungo lake lija. Kuseri kwa mitengo kunamveka kuthyoka kwa nthambi, phwa, kenako mkokomo wa pansipansi womveka m'mimba. Ndinawola zinthu zonse m'lichero, nkhwangwa paphewa, liwiro. Momwe ndinawolokera khwawa sindikukumbuka. Mwendo wachekeka, ndazindikira nditafika.

Adada ataona katundu anaimirira. "Wandipasulira nyumba? Amako akubwera. Apeze pakhomo palibe kanthu, aziphikira chiyani?" Ndinati kuli njovu, adada, zikuphani. Anati, "Njovu zinatipeza ife pamenepo."

Sanadye. Zinthu ndazibwezera chilichonse pamalo pake, iwo akungondiyang'ana ngati wakuba.

Masana mvula yawaza. Matondo anyowanso.

Lamulungu, 23 Novembala

Ndinafuna tinyamuke lero kukangocha. Ndinayamba ndi kumanga mitolo.

Alamu anagwira dzanja langa. Ati matondo tikawatsekera m'matumba ali a chinyezi afika kumudzi atawola, a Amisi sagula zonunkha, ndiye tavutikira chiyani sabata yonse? Tsiku limodzi la dzuwa basi. Adada nawo, mkulu wa mpingo wakale, ati sayenda ulendo pa Sabata. Zimenezo ndiye akukumbuka bwinobwino!

Ndavomera. Ndalemba pano kuti ndavomera ndine, wina sanandikakamize. Dzuwa lawaladi, matondo auma gwa. Mawa m'mawa tikupita.

Tsiku lonse diso langa pa adada. Akapita kuseri kwa chitsamba ine pambuyo. Anditembenukira nkuti, "Ndi ulemu umenewu?" Si ulemu, ndikudziwa.

Nzeru ya alamu: luzi. Mbali ina kumwendo kwa adada, mbali ina kuchitini chomwe taikamo timiyala, pafupi ndi mutu wanga. Akangosuntha chilire. Tayeseza dzuwa lisanalowe, chikulira bwino. Pomanga ndinagwada. Mwendo wawo wawonda, fupa lokhalokha. Anandiyang'ana pamutu nkunena motsitsa, "Ndasanduka mbuzi, mwana wanga?" Ndinalira pomwepo. Iwo ndi amene anandisisita pamsana.

Kenako anapempha tsache. Ati mawa tikuchoka, munthu sasiya msasa uli balala ngati pogona anyani. Ndikanakana bwanji, nditawalanda nyumba dzulo, lero nkuwamanga? Ndawapatsa. Ndawamasula kaye, asesa kuzungulira konse, pang'onopang'ono, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Nkhope yawo inabwerera. Adya. Tsache aliimika okha pakhomo, pamalo pake. Ndawamanganso, sanadandaule.

Mitolo yonse tamanga, yatsala ya zogonera ndi mapoto. Maso akulemera, masiku angapo osagona bwino. Koma lero sindigona. Ndikhala tsonga.

Ambuye, usiku umodzi wokha.

Lolemba, 24 Novembala

Ndinagona.

Luzi alimasula, alikulunga bwinobwino, alikoloweka pamphanda. Timiyala akhuthulira panja, chitini achiika kudenga pafupi ndi cha mchere. Bulangeti lopinda, mphasa yokulunga, nsapato zawo ziwiri zogundizana pakhomo. Mapoto onse alipo. Nkhwangwa ilipo. Mchere ulipo. Sanatenge kanthu kanga ndi kamodzi komwe.

Tsache lokha.

Ndi chimene chinkasowa kubwinja kuja. Apita kukasesa, amama apeze pakhomo pali poyera.

Nthaka sinamadi. Mapazi awo, chala chopindika, kuloza kukhwawa. Opita okha. Pamwamba pa mapaziwo, chakumapeto kwa posesa, ena aakulu ngati lichero. Ndi ena aang'ono pambali pake. Njovu zadutsa iwo atadutsa kale, zalowera komweko.

Ndaitana mpaka mawu atha. Zii.

Alamu athamangira kwa a gemu. Ati ndisasunthe, ndidikire a mfuti. Ndi kutali, akamafika dzuwa lili pamutu. Kumadzulo kwada bii, mvula ikagwa mapazi afufutika. Matumba a matondo ali apa, odzaza, ouma.

Adada ndikawapeza sandimvera. Ezelina ndi uja anawapasulira nyumba, anawamanga mwendo. Akandiona ayamba kukana, mokweza, njovu zili pomwepo.

Ndamasula mtolo wanga. Chitenje chamaluwa achikasu ndachitulutsa, ndafunda kumutu momwe ankafundira amama. Nsapato zawo ndatenga.

Buku ili ndalisiya pathandala, pansi pa poto.

Akati Feliya, ndiyankha.