Chitini cha Pansi pa Bedi la Ana

Okondedwa alamu,

Landirani moni wanga. Kodi bondo lija lasiya kuphwanya? Nanga adzukulu atatuwo chifuwa chinawatha? Kuno m'thupi tili bwino, koma mtima wanga suli m'malo. Ndalembera inu chifukwa achimwene, amuna anuwo, ndawaimbira kawiri, kawiri konse andiseka kuti m'tauni mwandiphunzitsa mantha.

Paja mwana wanga wamkazi amene ndikukhala nayeyu amagwira ntchito ku yunivesite, kumene amapanga mabatire ndi kuwayesa. Sabata yatha analola abale kukaonako. Anativeka makhoti oyera ndi magalasi, ine kuoneka ngati dokotala wa ng'ombe. Chipinda chopangiramo n'chouma moti milomo imang'ambika, akuti chinyezi pang'ono chabe chimawononga mankhwala ake. Ndinawerenga zozimitsira moto zisanu ndi chimodzi ndi ndowa za mchenga zinayi, ndikudabwa kuti anthu ophunzira chonchi akuopa chiyani.

Kenako anatiimika kuseri kwa galasi lochindikala. M'bokosi lachitsulo anaikamo batire lofanana ndi la foni yanuyo, makina n'kutsitsa msomali kuliboola. Loyamba linangofuka utsi. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu silinachite kanthu, moti bambo wina pambali panga anayamba kuyasamula. Lachinayi, alamu, linalira ngati mphiri, moto woyera n'kudzaza bokosi lonse ndisanaphethire.

Anzanga anaomba m'manja. Ine sindinaombe nawo. M'maso mwanga munabwera achimwene ali pa benchi yawo yokonzera mafoni, akuboola batire lotupa ndi singano yanu yosokera, ati kulitulutsa mpweya kuti foni itsekeke. Ndinakumbukiranso chitini chija amasungiramo otupa, ati tsiku lina adzagwira ntchito. Ndisananyamuke kwanuko ndinawawerenga, anali khumi ndi asanu ndi awiri. Chitinicho chili pansi pa bedi la ana, ndipo chitseko cha chipindacho chimakanirira nthawi ya mvula.

Nditamufotokozera mwanayu, anayamba wafunsa ngati ndikunena zocheza. Ataona nkhope yanga anakhala pansi. Akuti lotupa likhoza kuyaka lokha popanda wolikhudza, n'kuyatsa linzake, ndipo ndowa imodzi ya madzi singauthe motowo.

Pempho langa ndi limodzi. Mukangomaliza kuwerenga, musadikire kuti achimwene abwere. Nyamulani chitinicho pang'onopang'ono, osachikhutchumula. Mabatirewo muwakwirire mu mchenga wouma m'ndowa yachitsulo, lililonse palokha, kutali ndi nyumba ndi khola, posafika dzuwa kapena mvula. Osawataya pamoto wa zinyalala, osawapatsa ana kuti aziseweretsa. Mwanayu wati akabwera pa tchuthi adzawatenga yekha. Singanoyo muibise.

Achimwene akakalipa, mlandu muukankhire kwa ine, ndine mkulu wawo, ndinawabereka kumsana. Ndikudziwa adzati aboola zaka zonsezi osapsa ngakhale chala. Chakudza sichiimba ng'oma. Muwauze kuti ndinaona ndi maso angawa mabatire atatu akukhululuka, lachinayi n'kuyaka, ndipo palibe akudziwa kuti iwo afika pa lachingati.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa apongozi anu ndi kwa adzukulu onse atatu. Achimwenenso muwapatse, koma chitini chitatuluka.

Mukachitulutsa mungondiimbira kamodzi n'kudula, ndidziwa. Foni ndaiika pafupi, ndikudikira kuti ilire.

Ndine mlamu wanu,
Aphunzitsi a masamu opuma aja