Mchenga wa m'bokosi la Chindevu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima ndiye ayi. Ndasankha kulemba chifukwa mukaimba foni amayi amakhala pambali panga, ndiye sinditha kunena zonse.

Nkhani ndi ya Chindevu, buluzi wamkulu uja amene malemu mzime wathu ankaweta m'bokosi lagalasi. Pamaliro paja munati timupereke kwa anthu odziwa kuweta, koma amayi anakana. Bokosilo analisamutsira kuchipinda kwawo, pakati pa bedi ndi zenera. M'mawa amayatsa babu lomutenthetsa, n'kumudulira masamba, kenako n'kumuponyera ziwala. Chindevu akadya, nawonso amadya. Akapanda kudya, mbale ya amayi imabwerera kukhitchini momwe ndinaipititsira.

Tsopano Chindevu wasiya kudya, achimwene. Mimba yatupa ndipo yalimba gwa. Miyendo yakumbuyo akuchita kukoka.

Ndinamunyamula m'katoni kupita kwa dokotala wa ziweto. Atamusisita pamimba anandifunsa kuti pansi pa bokosi tinayalapo chiyani. Nditati mchenga anapukusa mutu. Akuti akamagwira chiwala amameza ndi mchenga womwe, ndiye waunjikana m'matumbo. Anamumwetsa mankhwala, n'kundiuza kuti ndizimuviika m'madzi ofunda, koma akuti zonsezi n'zachabe ngati angabwerere pa mchenga womwewo.

Mukundidziwa ine ndi mantha anga, ndinafunsa paliponse. Wa m'sitolo ya ziweto anandionetsa makungwa a m'thumba. Akalipentala oyandikana nafe anandibweretsera utuchi, uku akuseka kuti abuluzi a masiku ano akusankha pogona kuposa alendo a kuhotela. Nditabwerera kwa dokotala anakana zonse ziwiri. Akuti utuchi angamezenso ndipo fumbi lake lingamutsamwitse, makungwa nawo amasunga chinyezi. Anati tiyale mapepala kapena matailosi basi, zinthu zosalowa m'kamwa. Ndinasankha mapepala, n'kuwadula bwinobwino molingana ndi bokosilo.

Nditalowa ndi beseni kuti ndiwole mchenga, amayi anandigwira dzanja.

"Mchenga uwu anathira ndi manja ake mwana wanga. Zovala zake munagawana, chipinda chake munasesa. Uwunso ukufuna ukataye kudzala?"

Anandionetsa pakona, kuseri kwa mwala umene Chindevu amaotherapo babu. Pali kambale kovindikira. Atakachotsa ndinaona pamene mzime anadinda ndi chikhatho posalaza mchengawo. Zala zake zikuoneka, achimwene, ngakhale chala chopindika chija anathyoka pa njinga. Ine ndinangokhala pansi ndi beseni langa.

Ndinawapempha kuti mchengawo tiuike m'botolo, lizikhala patebulo pawo. Anati m'botolo mulibe dzanja. Ndinati nanga tisiye bokosilo momwe lilili, Chindevu timupezere lina. Anati mwana wawo anamusiya m'menemo, ndipo m'menemo ndi kwawo. Atapita kosamba ndinamuika m'katoni pa mapepala aja. Pobwera sanakalipe ayi. Anangomunyamula pachifuwa n'kumubwezera pa mchenga, akuti buluzi wa mwana wawo sangagone papepala ngati nsomba ya pamsika.

Kuchokera tsiku limenelo amayi sachoka m'chipindamo, kupatula popita kosamba. Akamasamba amasiya chitseko chotsekula kuti azindiona. Mchenga amausefa ndi sefa ya tiyi, kupatula wa pakona paja, akuti ukakhala woyera sungamupweteke. Diresi lawo labuluu lija likuchita kulendewera. Dzulo anangomwa madzi basi, chifukwa chiwala chimene anaponya chinadumpha pamphuno pa Chindevu iye osatsegula n'komwe maso.

Ine zandisokoneza. Ndikataya mchenga mwakuba, amayi sadzandiyang'ananso kumaso, ndipo dzanja lija lidzakhala lafufutidwa ndi ine. Ndikausiya, Chindevu afa, ndipo ndikuopa kuti amayi amutsatira. Abusa anabwera, azakhali anabwera, onse anangopatsidwa mpando n'kuperekezedwa. Amayi akumvera munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo tinamuika m'manda.

Ndiye pempho langa ndi ili, musandiweruze nalo. Mzime ankakuimbirani kawirikawiri, amayi akudziwa zimenezo. Aimbireni, muwauze kuti asanadwale anakuuzani kuti mchengawo sunamusangalatse, ankafuna kuuchotsa n'kuyala mapepala. Muwauze ngati mwangokumbukira kumene. Musatchule dzina langa kapena dokotala, akangomva zimenezo adziwa.

Ndikudziwa kuti ndi bodza, ndiponso lonamizira munthu amene sangadziyankhire. Ndapemphera, koma njira ina sindikuiona. Mwinanso tachedwa kale, chifukwa dokotala sanandilonjeze kanthu. Mapepala aja ndawabisa pansi pa matiresi anga, akudikira foni yanu.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana onse, koma izi musawauze. Mulungu akusungeni ndipo akupatseni mawu osanjenjemera. Tchimo lake mundisiyire, ndisenza ndine.

Ndine mlongo wanu,
amene ndatsala pakhomo ndi amayi.